Ndinamuveka Udokotala Womwe Sanaupemphe

Mauthenga asanu ndi awiri ndinamutumizira Moamen m'masiku anayi, ndipo onse anawawerenga. Foni ilibe chisoni, imakuuza ndithu kuti munthu wawerenga. Kuyankha kokha ndiye ayi. Uthenga woyamba unali wautali, wodzaza ndi zifukwa. Wachisanu ndi chiwiri unangoti, "Ndalakwa, Moamen."

Musathamangire kundimvera chisoni. Ine ndine Basant, mwana wa Dokotala Sabry wa mumzinda wa Tanta muno. Ndili chaka chachitatu cha udokotala, ndipo pankhani iyi wolakwa ndine. Ndatsala pang'ono kutaya mwamuna yekhayo amene ndinamukondapo chifukwa cha pakamwa panga.

Zinayambira pa bokosi la mafupa.

Ababa anaphunzitsa anatomi, phunziro la kapangidwe ka thupi, zaka makumi atatu asanapume pantchito. Ndiye tangoganizani mwana wawo akulephera mayeso oyamba a pakamwa a phunziro lomwelo! Oyesa anandipatsa kafupa ka pamfundo ya dzanja, ati nditchule dzina lake ndiponso ndinene ngati n'kakumanja kapena kakumanzere. Ndinangokatembenuzatembenuza ngati ndikusankha mtedza. Kunyumba ndinakanena kuti zayenda bwino. Mukuona, kubisa ndinakuyamba kalekale.

Tsiku la mayesolo ndinakakhala pabenchi kuseri kwa laibulale n'kumalira. Panafika mnyamata wamtali, wowonda, atakwapatira bokosi m'khwapa.

"Chemwali, kwatsala kulira kochuluka bwanji? Benchi ino ndimawerengerapo ine."

"Mabenchi atha m'Tanta muno?"

"Okhala ndi mthunzi atha. Chakulizani n'chiyani, munthu kapena phunziro?"

"Kafupa."

"Aa, ndiye mwafika pa sing'anga."

Anatsegula bokosi lija. Munali mafupa enieni, opakidwa utoto: wofiira pamene mnofu umayambira, wobiriwira pamene umathera. Amayi ake, namwino wa zaka zambiri, anapatsidwa ndi dokotala wina wokalamba amene ankagwira naye ntchito. Iyeyo ankaphunzira unamwino kusukulu ya kuseri kwa mpanda.

"Nanga wa unamwino, mafupa onsewa ukutani nawo?" ndinamufunsa.

"Bwanji, odwala athu ali ndi mafupa ena?"

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Pofika kumapeto a chaka mafupa onse ndinkawadziwa nditatsinzina, ndipo mwini bokosi ndinkamulota usana.

* * *

Mayeso akulu atayandikira anandibwereka bokosilo, n'kundinyamulira mpaka pakhomo pathu, pansanjika yachitatu. Amayi anatsegula chitseko. Anaona mnyamata waulemu, chovala choyera cha kuchipatala chili paphewa, mafupa ali m'manja.

"Mwavutika, adokotala! Lowani mumwe tiyi."

Kwathu kuno aliyense amene waponda pasukulu ya udokotala amayamba kutchedwa dokotala tsiku lomwelo, ngakhale asanadziwe kumene kuli chiwindi. Mwamuna wa unamwino ndiye amangoti mista, ndipo ena amatchula akupotoza mlomo.

Moamen anatsegula pakamwa kuti akonze. Ine ndinalumphira.

"Akuthamangira kalasi, Amayi. Tsiku lina."

Tili pamasitepe anandifunsa kuti, "Bwanji sunandisiye ndinene?"

"Ndiwauza ndekha bwinobwino. Amayi anga amafunika kuwakonzekera."

Zaka ziwiri zinadutsa ndikuwakonzekerabe. Amayi akafunsa kuti dokotala wa mafupa uja ali bwanji, ndinkati ali bwino. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo ine mwambiwo ndinkaudziwa.

* * *

Mwezi wathawu Moamen anandipeza pamalo ogulitsira madzi a nzimbe pafupi ndi geti. Nkhope inali ikuwala.

"Ndalankhula ndi Amayi. Tikubwera kwanu Lachinayi, ngati bambo ako angatilandire."

Mtima unadumpha, kenaka unagwa.

"Lachinayi lomweli?"

"Ukufuna tidikire mpaka mano agweluke? Koma Basant, unawauza, si choncho? Akudziwa kuti ndine wa unamwino?"

"Akudziwa."

"Anati chiyani?"

"Anati... ntchito ndi ntchito."

Anapuma mpweya wautali, n'kugwira pachifuwa. "Ndimaopa, sindikubisa. Bambo ako ndi munthu wamkulu kumtima."

Pamenepo m'pamene anatulukira Haitham, mwana wa mnzawo wa Ababa, amene ali chaka chachinayi cha udokotala. Makiyi a galimoto amawazunguza pachala kuti ngakhale wakhungu amve kuti ilipo. Amayi akhala akundinong'oneza za iyeyu chiyambire ndili kusekondale.

"Dokotala Basant! Ndi mista athu! Mista, mabedi mwayala kale kuti muzimwa nzimbe?"

"Tayala," anayankha Moamen mosatekeseka. "Tayalanso la wodwala uja munamubaya kanayi mukusaka mtsempha. Akukupatsani moni."

Anthu amene anali pamenepo anaseka. Haitham anamwetulira ndi mano okha. Moamen atapita kukalasi, iye ananditsatira.

"Amayi ako anauza amayi anga kuti ukufunsiridwa ndi dokotala. Ndiye ndimati ndimudziwe. Ndi uti?"

"Sizikukukhudza."

"Ayi, ine pakamwa panga mpotseka. Ndikungodabwa kuti munthu umamukonda bwanji ukuchita naye manyazi."

Ndinamutukwana mumtima njira yonse. Chondipweteka chinali chakuti sananame.

Lolemba ndinati ndiwauza Ababa pachakudya, koma anali okwiya ndi nkhani za pawailesi. Lachiwiri kunabwera alendo. Lachitatu ndinafika mpaka pakhomo pa chipinda chawo, n'kuwafunsa ngati akufuna tiyi.

* * *

Lachinayi, itatha swala ya masana, anafika. Moamen anali mu suti yobwereka, manja ake aafupi pang'ono, atanyamula bokosi la maswiti. Pambali pake panali Mayi Nagat, amayi ake, mzimayi wamfupi wa maso akuthwa ndi mapazi otupa a munthu amene waima zaka makumi atatu pambali pa mabedi. Bambo ake anamwalira iye ali mwana.

Ine ndinali kukhitchini ndikukonza thireyi la madzi a mango. Pashelefu Amayi anali ataika kale botolo la sharibati wofiira, amene timamwa mabanja akagwirizana za ukwati n'kuwerenga pemphero la Fatiha.

Tsono Ababa ali ndi nthenda imodzi. Aliyense wofunsira mbeta m'banja mwathu amayamba amuyesa mayeso a pakamwa. Mwamuna wa mkulu wanga, dokotala wa maso, anatuluka thukuta mpaka malaya kumata, ndipo mpaka lero Ababa amamutcha "uja wosadziwa bondo". Ndikulowa ndi thireyi ndinapeza ayamba kale.

"Mafupa a pamfundo ya dzanja alipo angati, mwana wanga?"

"Asanu ndi atatu, bambo." Anawatchula onse, akuloza pamkono pake.

"Hmm. Limene limathyoka kawirikawiri munthu akagwa n'kutsamira chikhatho?"

"La kutsinde kwa chala chachikulu. Ndipo limavuta kupola chifukwa magazi amalifika movutikira."

Ababa anasendera kutsogolo kwa mpando. Ndinawadziwa maso amenewo.

"Chabwino. Akubweretsera munthu wathyoka mkono wakumtunda, pakatikati. Dzanja lalendewera, sakutha kulidzutsa. Chavulala n'chiyani?"

"Mtsempha umene umazungulira kumbuyo kwa fupalo, bambo. Koma ndisanayambe kuganiza zonsezo, ndimuvule kaye mphete chala chisanatupe."

Ababa anamenya ntchafu, n'kuseka kuseka kumene sindinakumvepo chiyambire apume pantchito.

"Afaf mkazi wanga, wamva? Zaka makumi atatu ndafunsa funso limeneli, palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbukapo mphete! Anakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Amayi angawa."

Mayi Nagat anamwetulira pang'ono, n'kuyang'ana pansi. Amayi anga anayamba kale kuyang'ana kukhitchini kumene kunali sharibati. Ine ndinaona ukwati wanga uli pafupi ngati tambula imene inali m'manja mwanga.

"Uyu ndiye dokotala," anatero Ababa. "Osati enawa. Uli chaka chanji, ndipo za opaleshoni akukuphunzitsa ndani?"

Apa ndiye pamene ndimafuna nthaka itanditsegukira ndisanalankhule. Palibe anandifunsa ine. Mtsikana wobweretsa thireyi amayenera kuika matambula n'kukhala phee. Koma ndinaona chimwemwe cha Ababa, ndinaona botolo lija m'maganizo, ndipo ndinati tingodutsa lero lokha, zinazo tikonza mawa.

"Ali chaka chachinayi, Ababa. Kalasi imodzi ndi Haitham."

Mayi Nagat anaika tambula yawo patebulo pang'onopang'ono, osamwako. Moamen anandiyang'ana. Sanakwiye, ndipo bwenzi zili bwino akanakwiya. Anangondiyang'ana ngati munthu amene akundiona koyamba.

"Pepani, bambo," anatero motsitsa mawu. "Chaka chachinayi n'zoona. Koma cha unamwino. Ndimayesa mukudziwa."

Kunja wogulitsa mbatata zootcha ankaitana malonda.

"Unamwino?" Amayi anga anafunsa ngati atchula matenda. "Basant, si uja dokotala wa mafupa uyu?"

"Mafupa ndi omwewo, mayi," anayankha Mayi Nagat. "Munthunso ndi yemweyo. Inenso ndine namwino. Ntchito imeneyo ndi imene yalera mwana amene amuna anu amuyamikira posachedwapa." Anatembenukira kwa ine. "Mwana wanga, ukanatiuza kuti tivale nkhope zina pobwera kuno, tikanakuyankha tili kwathu. Tiye, Moamen."

Ababa anawaperekeza mpaka pakhomo. Ine ndinali chiimire ndi thireyi m'manja.

* * *

Ndinawathamangira pamasitepe.

"Moamen, dikira! Ndimafuna ndiwauze pambuyo pake."

"Pambuyo pa chiyani? Fatiha? Ukwati? Mwana woyamba?"

"Ndimaopa kukutaya."

"Unati anena kuti ntchito ndi ntchito. Ndinakauza Amayi mawu amenewo, Basant. Analira ndi chimwemwe. Dzulo asita suti iyi kawiri."

"Ndikhululukire."

"Haitham akamanditcha mista sizindipweteka, ndimamudziwa. Koma iwe!"

Anawagwira mkono amayi ake n'kutsika nawo sitepe ndi sitepe chifukwa cha mawondo awo. Sanacheuke.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza Amayi akubweza botolo la sharibati m'kabati.

"Mulungu watiteteza," anatero. "Mwana wa Dokotala Sabry kukwatiwa ndi wotaya mikodzo ya odwala! Azakhali ako ndikanawayang'ana ndi maso ati? Ndawauza kale onse kuti ndi dokotala."

"Sananame iyeyo, Amayi. Ndanama ndine."

"Wanama chifukwa nawenso ukudziwa kuti sakukuyenera."

Mawu amenewo anandilasa kuposa onse. Ndinafuna kutsutsa, koma ndikanatsutsa ndi chiyani? Ndikanadziwa ndikanaphika therere.

* * *

Masiku anayi aja Ababa sanandilankhule. M'mawa wa Lachiwiri anandiitana kuchipinda kwawo kowerengera.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa mlendo, ndipo zimenezo tidzakambirana tsiku lina. Koma mnyamata uja wandisowetsa mtendere. Mutu ngati umene uja sungathere pa kuyeza kutentha kwa thupi. Anaphonya udokotala ndi malikisi angati?"

"Imodzi ndi theka."

"Imodzi ndi theka basi! Tamvera. Kamuuze asiye unamwinowo, ayambirenso. Njira ndimufunira ine, ndimuphunzitsanso ndekha pano patebulo pano. Tsiku limene adzalembedwe kusukulu ya udokotala, ndidzawerenga naye Fatiha. Amayi ako ndithana nawo ine."

Mukuganiza kuti ndinali nditaphunzirapo kanthu? Ndinawapsompsona Ababa pamutu n'kutuluka ndikuthamanga ngati ndanyamula mphatso.

Moamen ndinamupeza pabenchi ya kuseri kwa laibulale, akuwerenga za mankhwala, timapepala ta milingo tili mbwee pamiyendo. Anali atawonda. Sanandithamangitse, koma sanasenderenso kuti ndikhale.

Ndinakhuthula zonse ndili chiimire, mpweya uli m'mwambamwamba. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye wasangalala?" anafunsa.

"Akulola, Moamen! Ababa akulola!"

"Akulola dokotala uja unawapangira. Akungofuna ine ndilowe m'chovala chake."

"Koma si unkaufuna udokotala? Unandiuza wekha kuti unalira mwezi wathunthu."

"Ndinalira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Panopa kwatsala miyezi inayi ndimalize, ndipo ntchito iyi ndimaikonda. Ndinakuuza kangati? Kapena unkayesa ndikudzitonthoza?"

Ndi mmenedi ndinkaganizira.

"Ndikasiya, ndikawauze chiyani Amayi? Kuti zaka zawo makumi atatu ndi dothi loti ndisambe ndisanalowe m'nyumba mwanu?" Anatseka buku. "Lachinayi unandikana pamaso pa anthu. Lero wabwera kudzandikana mwaulemu."

Apo ndiye ndinalira zenizeni, osati zija za kafupa. Anandisiya ndilire. Kenaka ananditambasulira kansalu kopukutira misozi, akuyang'ana kumbali.

"Mauthenga ako ndinawawerenga. Wotsiriza uja wokha ndiwo unali ndi nzeru."

"Ndichite chiyani? Nena chilichonse."

"Amayi analumbira kuti sadzapondanso kwanu. Ndawachonderera masiku atatu, ndipo avomera kamodzi kokha. Lachinayi likubwerali, itatha swala ya masana, tibweranso. Suti sindivala, ndidzabwera mu yunifolomu ya unamwino. Uitane azakhali ako onse amene anauzidwa za dokotala. Chitseko udzatsegule ndiwe, ndipo udzawauze ndi pakamwa pako kuti ndine ndani ndiponso kuti ukundifuna choncho. Bambo ako akakana, akane ine weniweni, ndidzapirira."

"Nanga ndikalephera?"

"Usadzatsegule. Tidzagogoda katatu, kenaka tidzatsika. Sindidzakuvutitsanso."

"Ndidzatsegula," ndinatero.

"Usandilonjeze, Basant. Malonjezo ako ndawamva zaka ziwiri."

* * *

Njira yonse ya kunyumba ndinkayeseza mawu m'minibasi, milomo ikugwedera yokha mpaka mayi amene ndinakhala naye anandifunsa ngati ndikupemphera. Ndinatsimikiza kuti lero lomwe ndiwauza Ababa kuti mphatso yawo yakanidwa, ndipo Amayi ndiwauza aitane azakhali. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakwera masitepe athu ndisanakonze bodza.

Ndinapeza makapeti atayanikidwa pakhonde, mipando ya pabalaza itavulidwa nsalu. Amayi anali pafoni, akuseka kuseka kwawo kwa alendo olemekezeka.

"Ayi, musavutike ndi zambiri, ndife amodzi. Inde, abambo ake avomera kuti mubwere tidzacheze. Mumupatse moni dokotala wathu."

Atadula foni anandigwira masaya onse awiri.

"Wabwera bwino. Mawa tikagule diresi. Azakhali ako ndawaitana kale onse anayi."

"Mwawaitana? Mwadziwa bwanji?"

"Kudziwa chiyani? Ndinalonjeza abale anga dokotala, ndipo dokotala amuona. Amayi ake a Haitham amva zimene zinachitika, ndipo akuti mwana wawo alibe nazo kanthu, ati chibwana chimatha. Akubwera kudzakupempha, ndi bambo ake omwe."

Ndinayang'ana kuchipinda kwa Ababa. Anali ataima pakhomo, magalasi ali m'manja.

"Mnzanga wa zaka makumi anayi sindingamukanize kulowa m'nyumba mwanga," anatero. "Koma sindinalonjeze kanthu. Zitengera yankho limene wabwera nalo. Wati chiyani mnyamata uja? Ayambiranso?"

Ndinatembenukira kwa Amayi.

"Akubwera liti a kwa Haitham?"

"Lachinayi, itatha swala ya masana. Ndipo chitseko udzatsegule ndiwe, akuone bwino."